Bala lauma, koma bambo sakudzuka okha: ndi ukalamba kapena opaleshoni inalakwika?

Funso: Bambo anga ali ndi zaka 76. Anawachita opaleshoni ya m'mimba chifukwa matumbo anapotana, ndipo anagonekedwa m'chipatala masiku 12. Asanadwale ankalima okha kudimba komanso ankapalasa njinga popita kutchalitchi. Papita masabata atatu chitulukireni, bala lauma bwinobwino, koma sadzuka pamphasa popanda anthu awiri. Timawasambitsa, ndipo kuchimbudzi timachita kuwanyamula. Amayi akuti tiwasiye apume mpaka mphamvu zibwerere. Kodi ndi ukalamba basi, kapena opaleshoni inalakwika?

Yankho: Pa ziwiri mwatchulazo, n'kutheka kuti palibe n'chimodzi chomwe. Munthu amene ankapalasa njinga miyezi iwiri yapitayo sangakalambe m'masabata asanu. Komanso opaleshoni itha kuyenda bwino, matumbo n'kugwira ntchito, bala n'kuuma, koma wodwala n'kubwerera kunyumba asakutha kudzisamalira. Adokotala akamati zonse zili bwino amakhala akunena za bala ndi matumbo. Inu mukufunsa za miyendo, ndipo miyendo palibe amaiyang'ana pa tsiku lotulutsa wodwala.

Minofu ya munthu wachikulire imatha msanga ikasiya kugwira ntchito. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2007 anatenga achikulire athanzi, azaka pafupifupi 67, n'kuwagoneka pabedi masiku 10 akudya mokwanira. Podzuka anali atataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya minofu ya m'miyendo, ndipo mphamvu yowongolera bondo inatsika ndi maperesenti pafupifupi 15. Amenewo sanadwale, sanang'ambidwe. Bambo anu anagona masiku 12, ena mwa masikuwo osadya kanthu, ali pa diripi. Pamwamba pa apo, thupi likavulala kwambiri limagumula minofu yake kuti lipeze zomangira bala ndi zolimbanirana ndi tizilombo. Kenako mwawonjezera masabata atatu a pamphasa.

Mnyamata wazaka 30 akagona masiku omwewo amatayanso mphamvu, koma iye ali ngati banja la nkhokwe ziwiri: ina ikafumbwa, adyabe. Wazaka 76 amakhala ndi nkhokwe imodzi yongokwanira chaka. Kudzuka pansi kunkafuna kale pafupifupi mphamvu zonse za m'ntchafu zawo, kungoti palibe ankadziwa. Zitachepa pang'ono, kudzukako kunatheratu. Zimenezi n'zofala: mwa odwala opitirira zaka 70 amene agonekedwa m'chipatala, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amatuluka akulephera chinthu china chodzisamalira chimene ankachita okha asanadwale.

Tsono pa mawu a amayi. Akunena mwachikondi, ndipo masiku oyambirira ankanena zoona. Koma kupuma kumapoletsa bala, sikubweza minofu. Tsiku lililonse logona likuchotsako zimene zatsala, ndipo mphamvu zimene mukuyembekezerazo sizibwera zokha. Chovuta kwathu kuno n'chakuti kudwazika bwino timakuyeza ndi kuchuluka kwa zimene tikumuchitira wodwala. Mwana wabwino ndi amene amawadyetsa, kuwaveka, kuwapukuta. Mlendo akapeza bambo akulimbana ndi mabatani a malaya ana ali chiimire, amapita akunena kuti pakhomo paja alibe chisoni. Pirirani mawu amenewo. Chilichonse chimene bambo angathe kuchita okha, ngakhale chiwatengere mphindi 20, achite okha, inu mutaima pafupi.

Musanayambe kuwalimbitsa thupi, pali zinthu zofunika kuzichotsa kaye panjira, chifukwa kufooka kwina kumakhala ndi gwero loti mankhwala atha kukonza, ndipo kwina n'kwangozi.

Thamangani nawo kuchipatala tsiku lomwelo ngati mbali imodzi yokha ya thupi ndiyo yafooka, kukamwa kwapindika kapena mawu akutuluka molemera, chifukwa imeneyo ikhoza kukhala sitiroko. Chimodzimodzi ngati katumba wa mwendo umodzi watupa, watentha ndipo akuwawa, kapena ayamba kubanika mwadzidzidzi ndi kumva kuwawa pachifuwa: magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo ya munthu wogona nthawi yaitali, chibuluma n'kuthothoka kukatseka m'mapapo. Enanso ndi awa: kutentha thupi, kusanza, mimba kufufuma osatulutsa mpweya kapena chimbudzi, bala kutuluka mafinya kapena madzi, chimbudzi chakuda ngati phula, ndi kulephera kukodza pamene chinena chatupa.

Chizindikiro chimene mabanja ambiri amachiphonya ndi kusokonezeka mutu kobwera mwadzidzidzi, kumene achipatala amati delirium. Ena amabwebweta usiku, kuona anthu amene palibe, kufuna kuthawa. Amenewo saphonyeka, ngakhale kuti kawirikawiri achibale amathamangira kuganiza zaufiti kapena misala. Oopsa ndi achete aja: amangosinza usana wonse, kuyankha mochedwa, kusiya chakudya chili m'kamwa, ndipo aliyense amati atopa chabe. Ayeseni motere: atchule masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, kuyambira Loweruka. Ngati akusochera panjira, kapena m'mawa ali bwino koma madzulo sakudziwa pamene ali, pali chimene chikuwasokoneza. Kawirikawiri ndi matenda a m'chikhodzodzo kapena chibayo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, mkodzo wotsekeka, ululu, kapena mankhwala.

Ngakhale zonsezi palibe, musadikire tsiku la kalondolondo ngati lili kutali. Pitani nawo ndi buku lawo la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse amene akumwa, ogula pagolosale ndi azitsamba omwe, ndipo mupemphe zinthu zitatu. Awayeze kuchuluka kwa magazi, chifukwa opaleshoni ndi kusadya zimachepetsa magazi, ndipo munthu wochepa magazi amapuma wefuwefu akangoyenda pang'ono. Awayeze BP atagona, kenako ataimirira. Ikatsika ndi 20 kapena kuposerapo pa nambala yapamwamba ija m'mphindi zitatu zoyamba, ndiye gwero la chizungulire chimene chimawaopsa kudzuka. Izi zimachitika kwambiri kwa amene ankamwa mankhwala a BP asanadwale: munthu waonda, akumwa madzi ochepa, koma mlingo wa mankhwala udakali wakale uja. Musawasiyitse nokha, akonze mlingo ndi achipatala. Chachitatu, aunike mankhwala ogonetsa kapena oledzeretsa monga diazepam, promethazine, amitriptyline ndi tramadol, amene kwa wachikulire amabweretsa kusinza, kudzandira ndi kugwa. Ngati ali ndi shuga, nayenso ayezedwe, chifukwa mankhwala a shuga mwa munthu amene sakudya amatsitsa shuga mopitirira.

Mukabwerako, ntchito yoyamba si masewero olimbitsa thupi ayi. Ndi kuwachotsa pamphasa. Kudzuka pansi ndiye kovuta kuposa kudzuka kwina kulikonse, ndipo malinga ngati akugona pansi adzafunabe anthu awiri, ndipo adzangodzuka pamene anthu awiriwo alipo. Apezereni bedi loti akakhala m'mphepete mapazi azigunda pansi, mawondo ali pamzere umodzi ndi chiuno kapena m'munsi pang'ono. Kwa anthu ambiri ndi masentimita 45 mpaka 50 kuchokera pansi kufika pamwamba pa matiresi. Ngati bedi palibe, chitseko chakale kapena matabwa oyalidwa pa njerwa zosanjidwa molimba amagwira ntchito. Mpando ukhale wolimba, wokhala ndi moika manja, wamsinkhu womwewo. Sofa wofewa ndi mpando wandalema ayi: munthu amamira, kudzuka kwake n'kofanana ndi kwa pamphasa.

Chimbudzi ndicho chimachotsa ulemu wa munthu msanga, ndipo achikulire ambiri amachepetsa dala kudya ndi kumwa kuti asavutitse ana kuwanyamula. Kunyonyomala pa chimbudzi chokumba sangakwanitse pakali pano. Tengani mpando wamatabwa wolimba, mmisiri aboole pakati, mukauike pamwamba pa dzenje masana, ndipo usiku uzikhala pafupi ndi bedi, ndowa ili pansi pake. Zikani mtengo wolimba pambali pa chimbudzi woti azigwira. Kubafa ikani mpando wina, asambe atakhala. Inu muzingowathandiza kumsana ndi kumapazi. Njira yochokera kuchipinda ikhale yopanda mikeka, zingwe kapena miyala, tochi izikhala pamene dzanja lawo lingafike, ndipo avale nsapato zogwira chidendene osati mapatapata.

Kadzukidwe kali ndi njira yake yoteteza bala. Ali chagada apinde mawondo, atembenukire kumbali thupi lonse pamodzi, atsitse miyendo kunja kwa bedi, kenako adzikankhe ndi chigongono ndi dzanja mpaka akhale tsonga. Asadzuke molunjika ngati mmene amachitira anyamata, chifukwa zimenezo zimakoka pamene anasoka. Akhale m'mphepete mwa bedi mphindi imodzi kapena ziwiri akugwedeza mapazi, kuti chizungulire chidutse. Poimirira asendere kutsogolo kwa mpando, abweze mapazi m'mbuyo pansi pa mawondo, aweramire kutsogolo mpaka mphuno ipitirire zala za kumapazi, kenako akankhe ndi manja ndi miyendo akutulutsa mpweya. Kugwira mpweya pokakamira kumapanikiza m'mimba. Inu musawakoke manja kapena kuwanyamula m'khwapa: mukhoza kuwavulaza phewa, ndipo ntchito yonse mwagwira ndinu. Imani kumbali yawo, dzanja lanu lili kumsana, kapena mugwire chitenje chopindidwa chomangidwa m'chiuno m'munsi mwa bala. Thandizani pokhapo pamene akulephera.

Kuimirira ndi kukhala pampando ndiwo mankhwala aakulu pa vuto limeneli. Ayambe ndi maulendo asanu, katatu pa tsiku, ndipo pokhala azitsika pang'onopang'ono akuwerenga mpaka katatu, osadziponya. Ngati asanu akukanika, atatu, kapena mukweze mpando ndi bulangete lopinda. Pakapita masiku awiri kapena atatu, onjezani ulendo umodzi kapena awiri. Akafika 10 mosavuta, ayambe kukankha ndi dzanja limodzi, kenako opanda manja. Atakhala pampando awongole bondo, agwire masekondi asanu, atsitse, maulendo 10 mwendo uliwonse. Ataima atagwira tebulo kapena zenera, anyamuke pa zala za kumapazi maulendo 10, kenako agube pamalo amodzi.

Kuyenda kukhale kwafupikufupi koma kobwerezabwereza: mphindi zitatu mpaka zisanu, kanayi pa tsiku, n'kumawonjezera mphindi imodzi masiku angapo alionse. Ulendo wokhala ndi cholinga umayendeka kuposa wongozungulira: kukaona nkhuku kukhola, kukakhala pansi pa mtengo wa mango, kukapereka moni kwa aneba. Chakudya chilichonse adyere pampando, pamodzi ndi anthu, osati pogona. M'mawa avale zovala zawo za masiku onse. Zimaoneka zazing'ono, koma munthu wofunda bulangete usana aliyense amamutenga ngati wodwala, iye mwini n'kumadzitenganso choncho.

Muyeso wa kulimbika ndi wosavuta. Azipuma mofulumirirako koma akutha kulankhula chiganizo chathunthu. Kuphwanya kwa minofu tsiku lotsatira n'kwabwinobwino. Akagona tsiku lonse lotsatira chifukwa chotopa, mwapyola. Bwererani pa theka. Asiye pomwepo akamva kuwawa pachifuwa, chizungulire, kubanika kwambiri, kapena kubaya pabala.

Ndodo si manyazi, ndipo siipangitsa munthu ulesi. Kutalika kwake kufike pamene timavala wotchi, ataima manja ali lende. Pansi pake pakhale mphira, ngakhale chidutswa cha tayala. Ngati mwendo wina uli wofooka kuposa unzake, ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali inayo. Pokwera khonde utsogole mwendo wamphamvu, potsika utsogole wofooka pamodzi ndi ndodo. Ngati ndodo imodzi sikukwanira, funsani kuchipatala za choyendera chamiyendo inayi. Njinga ya olumala isungireni maulendo ataliatali okha.

Zonsezi sizingatheke ngati akumva ululu, ndipo abambo ambiri amsinkhu umenewo savomera kuti akumva kuwawa. Yang'anani nkhope pamene akutembenuka kapena kutsokomola. Panado womwedwa pa nthawi yake amathandiza kuposa wodikira ululu ukule: mapiritsi awiri a mamiligalamu 500 katatu pa tsiku kwa wolemera makilogalamu 50 kapena kuposerapo, ndi piritsi limodzi pa nthawi kwa woonda kuposa apo, pokhapokha achipatala atanena zina. Awamwe theka la ola kapena ola limodzi asanayambe kuyenda. Brufen, diclofenac ndi indocid, amene anthu amagula mosavuta, asamwe popanda uphungu: kwa wachikulire amawononga impso ndi kukanda m'mimba mpaka kutaya magazi.

Minofu siingamangike popanda zomangira, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa mosadziwa. Wodwala timamupatsa phala lamadzimadzi, tiyi ndi zakumwa zam'mabotolo, ndipo masabata amatha akudya zimenezo. Wachikulire amene akuchira amafunika magalamu 1.2 mpaka 1.5 a zakudya zomanga thupi pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse. Kwa bambo olemera makilogalamu 55, ndiye magalamu 66 mpaka 82. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 14, ndipo usipa wouma kapena bonya, kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi. Tsiku lokhala ndi mazira awiri, kapu ya mkaka, phala la mgaiwa kapena Likuni lothira masipuni awiri a nsinjiro, usipa wodzaza dzanja masana ndi nyemba madzulo, kuphatikiza zimene zili mu nsima, limafikako pa muyeso wapansiwo. Soya pisesi ndi chiponde n'zotsika mtengo ndipo zimathandiza kwambiri. Poti chilakolako cha chakudya n'chochepa, agawireni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku, ndipo ayambe ndiwo asanakhute nsima. Ngati mano ndi ovuta, sinjani usipa muthire m'phala kapena m'masamba. Nyemba yambani pang'ono, popeza matumbo ochitidwa opaleshoni amadzaza mpweya msanga. Amene anauzidwa kuti ali ndi vuto la impso afunse kaye asanachulukitse zakudya zimenezi.

Madzi amwe malita amodzi ndi theka mpaka awiri pa tsiku, kuwerengera tiyi, thobwa ndi msuzi, pokhapokha ngati anawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Ludzu la wachikulire limachedwa kumveka, choncho musadikire kuti apemphe. Mkodzo wofiirira ngati tiyi ndi chizindikiro choti sakumwa mokwanira. Papaya, masamba ndi mgaiwa zimathandiza kupewa kudzimbidwa, kumene kwa munthu amene matumbo anapotanapo sikofunika kukulekerera masiku.

Kuti mudziwe ngati mukupita patsogolo, lembani m'kope zinthu zisanu ndi chimodzi zimene achipatala amayezera kudzidalira kwa munthu: kusamba, kuvala, kupita kuchimbudzi, kuchoka pabedi kupita pampando, kugwira mkodzo ndi chimbudzi, ndi kudya. Pa chilichonse lembani kuti akuchita okha, akuthandizidwa pang'ono, kapena akuchitiridwa. Bwerezani Lamulungu lililonse. Akayamba kuyenda, onjezani kuyeza uku: adzuke pampando, ayende mamita atatu, atembenuke, abwerere n'kukhala, inu mukuwerenga nthawi pafoni. Masekondi 12 kapena kuposerapo akusonyeza kuti chiopsezo chogwa chidakalipo ndipo asayende okha pamalo oterera kapena usiku. Kopeli limathandizanso kukhazika mtima pansi amayi, chifukwa kusintha kwa tsiku ndi tsiku sikuoneka ndi maso.

Pakatha masabata awiri mukuchita zonsezi koma m'kope simukusintha kanthu, kapena zikubwerera m'mbuyo, bwererani kuchipatala ndipo mupemphe mwachindunji kuti akaonedwe ndi a mafizo, akatswiri othandiza odwala kulimbitsa thupi. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu zili ndi gawo limeneli, ku Blantyre kulinso malo a Kachere, ndipo m'zipatala zambiri za maboma muli ogwira ntchito yophunzitsa odwala kuyendanso. Muwauzenso ngati bambo asiya kucheza, sakufuna wailesi, akukana chakudya kapena akumanena kuti angokhala mtolo kwa ana. Kukhumudwa kotere n'kofala kwa munthu amene anazolowera kudyetsa banja, kumalepheretsa kuchira, ndipo kuli ndi thandizo lake. Apatseni kantchito koti dzanja lawo lizioneka pakhomo: kutong'ola chimanga, kusenda mtedza, kuwerengera ndalama za feteleza.

Za nthawi, musayembekezere zamsanga. Pambuyo pa opaleshoni yaikulu ya m'mimba, achikulire ambiri amatenga masabata asanu ndi limodzi mpaka miyezi itatu kuti ayambenso kusamba, kuvala ndi kupita kuchimbudzi okha, ndipo miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti abwerere ku ntchito zokulirapo monga kupita kumsika. Ena safika pamene anali kale. Chimene chikuwakomera bambo anu n'chakuti anali amphamvu mpaka tsiku lodwala, ndipo mmene munthu analili asanachitidwe opaleshoni ndi chimodzi mwa zinthu zolosera bwino kuchira kwake.

Khasu ndi njinga zidikire. Khungu limauma m'masabata awiri, koma mnofu wolimba wa m'kati umene anasoka umatenga nthawi yaitali kuti ugwirane. Kwa masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu kuchokera tsiku la opaleshoni, asanyamule chinthu choposa makilogalamu asanu. Ndowa yodzaza ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo kheni yothirira kudimba ili m'gulu lomwelo. Akatsokomola kapena kuyetsemula azigwira pabala ndi pilo kapena nsalu yopinda. Mukaona chotupa chofewa chikutumphuka pachipsera akaimirira n'kumalowa akagona, muwaonetse kwa adokotala, chifukwa ndi chizindikiro choti m'kati munatseguka. Chikalimba, n'kumawawa, osabwereranso m'kati, pitani usiku womwewo. Njinga ayiyese adokotala a opaleshoni atavomereza, pamene akutha kuyenda mphindi 30 opanda ndodo, kudzuka pampando kasanu osagwira m'masekondi osakwana 15, ndi kutembenuka mofulumira osadzandira. Ulendo woyamba ukhale pabwalo lasee, opanda katundu pakaliyala, wina akuyenda pambali.